Tsiku Limene Ndinatulutsa a Mwakalinga M'kalasi

Ana anga, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Mutu uno ndi wa nyimbo. Musaseke. Ndikudziwa kuti m'nyumba mwathu simunandimvepo ndikuimba, ndipo Wongani amakonda kuuza anthu kuti amayi ake kutchalitchi amangotsegula buku la nyimbo n'kumaliyang'ana ngati akukonzekera mayeso. Sakunama. Koma pa zonse zimene ndinakumana nazo pa uphunzitsi, imene imandiwawabe ndi nkhani ya nyimbo, ndipo ndikufuna muidziwe monga inachitikira, osati monga anailembera a ku ofesi.

Ngara, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ndinafika ku Ngara nditangotuluka ku koleji, ndili ndi sutikesi imodzi ndi mbaula. Anandipatsa Sitandade 1, poti masiku amenewo mphunzitsi wamkazi watsopano ankangomukankhira kwa tiana, amvekere kumeneko sikufuna mutu. Pa ndandanda wa maphunziro panali nthawi ya nyimbo, ndipo nthawi imeneyo ndinkaiopa kuposa malungo. Manthawo ndinawatenga ku koleji. Tinali ndi mphunzitsi wa nyimbo amene ankalemba do, re, mi pabolodi n'kumatiimbitsa mmodzimmodzi. Nditaimba ine, bamboyo anatseka makutu ndi manja onse awiri n'kunena kuti, "Nyamkandawire, iwe pa kwaya uzingoyasamula kukamwa, mawu usamatulutse. Utiphera ana a eni." Anzanga anaseka mpaka kugwetsa misozi. Iye anaiwala tsiku lomwelo, koma ine mawu amenewo ndinawalongedza musutikesi n'kupita nawo ku Ngara.

Tiana ta kumeneko tinali ta asodzi ndi alimi. Kunyumba kwawo tinkalankhula Chitumbuka, tina Chinkhonde, pamene buku langa linali la Chichewa. Ndikafunsa funso tinkangondiyang'ana ngati ndatilanda usipa. Nthawi yopuma ikakwana, tiana tomweto tinkaimba ndi kudumpha pabwalo mpaka fumbi koboo, koma tikangolowa m'kalasi pakamwa pankatsekeka. Ndinkaona ndithu kuti chitseko cholowera m'mitu mwawo ndi nyimbo, koma ndinalibe mtima wochitsegula. Nthawi ya nyimbo ikafika ndinkawatuma kukatola zinyalala.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kupita kwa ahedi. Ndinati, "Bwana, ine nyimbo sinditha kuphunzitsa. Kodi sipangapezeke wina wondithandiza?"

Ahedi sanadzutse n'komwe mutu pa zimene ankalemba. Anati, "Mayi, nyimbo zimabwera pa mayeso a Sitandade 8? Sizibwera. Bola ana asamachite phokoso."

Ndinatuluka mtima uli m'malo, poti munthu akakupatsa chilolezo chothawa chimene ukuchiopa umamuona ngati wachifundo. Zaka zonse za ku Ngara sindinaimbitse ana ngakhale kamodzi.

Uraha, zaka za m'ma 1990

Sukulu zitakhala zaulere ndinali ku Uraha. Ana anabwera ngati ngumbi, ndipo ine ndi Sitandade 1 yanga tinatulutsidwa kukakhala pansi pa mtengo. Choko chinkasowa, mabuku ankagawana ana ambirimbiri, mvula ikagwa sukulu yatha. Ahedi a kumeneko nthawi ya nyimbo anaisandutsa youmba njerwa. Chaka china kunabwera bokosi la zoimbira kuchokera kwa akufuna kwabwino, zitoliro ndi maseche. Ahedi analitsekera mu ofesi kuti ana angaononge. Pamene ankasamuka tinalitsegula, tinapeza chiswe chitamangamo nyumba.

Nthawi imeneyo ndiyo inayambanso miyambo ya masemina. Ankatiitanira ku Boma, kutikhazika m'holo, kutiikira kaseti ya nyimbo za Chingerezi, ife akuluakulu n'kumagwedeza mapewa ngati anapiye onyowa. Tikalandira alawansi tinkabwerera, osaimbanso. Kumeneko ndinazindikira chinthu chimodzi. Aphunzitsi anzanga amene ankati satha kuimba ndi omwewo ankatsogolera kwaya Lamulungu, ndi omwewo ankatimula gule wa ndolo pa maukwati mpaka thukuta kamukamu. Mawu anali nawo. Chimene anauzidwa n'chakuti nyimbo za sukulu ndi zina, zolembedwa pabolodi, zofuna munthu wa satifiketi, ndipo zimene amaimba kwawo ndi zachimidzi. Munthu ukamuuza zaka zambiri kuti chimene ali nacho n'chachabe, usadabwe akafika pamaso pa ana ali manja lende.

Kaporo, zaka za m'ma 2000

Nditakula pa ntchito ananditumiza kukathandiza gulu loyang'anira sukulu za mkaka za m'midzi, ndipo dera langa linali Kaporo. Anandipatsa njinga yamoto yokalamba imene nthawi ya dzinja ndinkaikankha m'matope kuposa kuikwera. Sukulu zake zinali zisakasa za udzu, ndipo alezi ake anali amayi a m'mudzi ongodzipereka, osalandira kanthu. Ambiri ankangosunga ana kuti makolo apite kukaokera mpunga. Mwana akalira ankamuopseza ndi kakamtengo, dzuwa likakwera n'kuwabalalitsa.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Tumpale. Ndinamumva ndisanamuone. Ndinazimitsa njinga patali chifukwa cha madzi, ndipo poyenda pa mzere wa munda ndinamva ng'oma ndi mawu a tiana tambiri tikuyankha pamodzi. Ng'omayo inali chigubu cha mafuta ophikira. Woimbayo anali mayi wochepa thupi, wa ana awiri, amene sukulu analekezera Sitandade 7. Chilichonse ankachiphunzitsa ndi nyimbo. Kusamba m'manja kunali ndi nyimbo yake. Kuwerenga manambala ankaimba mayina a ng'ombe zikulowa m'khola, tiana tikulowa m'bwalo kamodzikamodzi tikulira ngati ng'ombe. Mzere uliwonse ankauyamba m'Chinkhonde n'kuubwereza m'Chichewa, moti ana ake pokayamba Sitandade 1 sankakhala duu ngati anga a ku Ngara aja. Ndinaima pakhomo la chisakasa nsapato zili m'manja, ndipo ndinachita nsanje. Ndikunena zoona, ndinachita nsanje, kenaka ndinamukonda.

Ana atapita ndinamufunsa kuti, "Anakuphunzitsa ndani zimenezi?"

Anaseka akubisa pakamwa ndi chitenje. "Palibe, amama. Ana akalira ndimaimba. Akasiya kulira ndimangopitiriza."

"Nanga nyimbozi umazitenga kuti?"

"Zimabwera ndikamapeta mpunga. Zina n'zoipa, ana amazikana, ndiye ndimazitaya."

Chaka chotsatira kunabwera bungwe lina lothandizana ndi boma. Linkafuna kusankha alezi ochepa m'boma lonse kuti akaphunzire chaka chathunthu, abwere ndi satifiketi, azilandira kangachepe pamwezi, ndiponso aziphunzitsa anzawo. Kwa mayi ngati Tumpale mwayi wotere sukanabweranso. Dzina lake ndinaliika poyamba. Chotsala chinali chakuti alendo a ku Lilongwe abwere adzamuone akuphunzitsa.

Tsono apa mvetsetsani, inu amene munakulira m'tauni. Chisakasa chija chinali pa malo a mkulu wina, a Mwakalinga. Iwo ndiwo anapereka malowo, mitengo ndi udzu, ndipo mudzi unawasankha kukhala wapampando wa komiti ya sukuluyo. A Mwakalinga omwewo anali apongozi a Tumpale, bambo a mwamuna wake Gwakisa. Kwa Ankhonde, makamaka m'mabanja osunga zachikale, mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako wamwamuna, sayang'anana ndi apongozi ake aamuna. Sakhala nawo m'chipinda chimodzi, satchula dzina lawo, akakumana panjira amapatuka n'kufunda chitenje kumutu. Zoimba ndi kuvina pamaso pawo ndiye n'zosayerekezeka n'komwe. Awiriwa anali atapeza njira yawo. Nthawi ya sukulu mkuluyo sankayandikira chisakasa, ndipo misonkhano ya komiti inkachitika madzulo pansi pa mtengo wa mango Tumpale atapita. Zinthu zinkayenda bwino popanda wophunzira aliyense kuikapo nzeru zake.

Kutatsala tsiku limodzi ndinapita kwa mkulu wanga ku ofesi, a Kaonga. Ndinati, "Bwana, mawa a Mwakalinga alandire alendo panja, koma m'kalasi asalowe. Mlezi uja ndi mkamwana wawo."

A Kaonga anati, "Mwambo umenewo ndikuudziwa, mayi, kwathunso uliko. Koma alendowa akufuna kuona kuti mudzi ukutengapo mbali. Wapampando akapanda kuoneka pa chithunzi pamodzi ndi ana, adzafunsa ine, osati inu."

"Ndiye mtsikanayo saimba."

"Aimba. Akaona galimoto ya ku Lilongwe aiwala zonsezo. Inu musadandaule."

Munthu ameneyu ankadziwa. Chimene sindinamukhululukire mpaka lero n'chimenecho. Akanakhala mbuli ndikanati n'kusadziwa, koma iye ankadziwa bwinobwino, n'kusankha chithunzi.

Alendo anafika m'mawa, mpunga utangokololedwa kumene. Wamkulu wawo anali mayi wina wa magalasi, a Zimba, ndipo anali ndi bambo wonyamula kamera. Mudzi wonse unasonkhana. A Mwakalinga anavala jekete yawo ya kutchalitchi, nalandira alendo ndi mawu abwino pansi pa mango. Mwambo wolonjerana utatha, a Kaonga anawagwira dzanja kulunjika kuchisakasa. Pakhomo mkuluyo anaima.

"Ine ndikhala panja pano, bwana," anatero.

"Ayi, tata, mpando wanu uli mkati. Eni sukulu ndinu," anayankha a Kaonga mokweza, kuti alendo amve.

Mkulu wa mudzi angakane bwanji ulemu pamaso pa alendo a boma? Analowa. Anakhala pa mpando kutsogolo, n'kuupotoza pang'ono kuti nkhope iloze kukhoma. Tumpale anali kumbuyo akukhazika ana. Atatembenuka n'kuona amene walowa, anagwada pomwepo, nakoka chitenje kufunda kumutu, chigubu chili pambali pake. Tiana tinadikira. Kena kanayambitsa nyimbo ya ng'ombe ija, koma posamva aphunzitsi akuyankha kanaleka. M'chisakasa munangoti zii.

"Mayi, yambani, tili ndi sukulu zina zoti tiyendere," anatero a Zimba.

Tumpale sanasunthe. Ndinasendera kwa a Zimba n'kuwanong'oneza kuti bambo ali pampandowo ndi apongozi ake, ndipo mwambo wa kuno sumulola. Ndinkayembekeza kuti monga mayi mnzathu apeza nzeru, mwina kunena kuti akufuna kucheza ndi wapampando panja pamene enafe tikuonerera. Iwo anayankha mokweza.

"Miyambo imeneyi ndi imene ikubwezera amayi m'mbuyo. Ngati sangaime pamaso pa munthu mmodzi, akaima bwanji pamaso pa anzake ku maphunziro? Ife tikufuna alezi odzidalira." Anatero akutseka faelo yawo.

Ndinayang'ana a Kaonga. Iwo ankayang'ana nsapato zawo ngati azigula tsiku lomwelo.

Ana anga, sindinali mwana, ndipo musaganize kuti ndinachita mosadziwa. Ndinkadziwa kuti kutulutsa mkulu pa malo ake omwe, pamaso pa alendo ndi anthu ake, ine munthu wamkazi komanso wobwera, ndi chipongwe chimene sichifufutika msanga. Ndinkadziwanso kuti faelo ija ikatsekeka, Tumpale adzakalamba akupeta mpunga, ndipo papepala padzalembedwa kuti satha kanthu. Ndinakumbukira m'mene munthu mmodzi ananditsekera pakamwa ine ku koleji, popanda wondiimira. Ndinaima, n'kupita kukagwada pamaso pa a Mwakalinga.

"Adada, pepani chomene. Ndikupempha mutuluke pang'ono, mkamwana wanu agwire ntchito."

Ndinkati ndikunong'ona, koma m'chisakasa munali chete moti aliyense anamva, ngakhale amene anasuzumira m'mipata ya udzu. Mkuluyo anandiyang'ana, kenaka anayang'ana a Kaonga amene anawalowetsa, kudikira kuti anene kanthu. A Kaonga anayang'ana kumbali.

"Ndituluke?" anafunsa motsitsa.

"Ena, inde, tata. Pepani."

Anatola chipewa ndi ndodo yawo. Sanapite pa mango pamene panali anzawo a komiti. Anadutsa pakati pa anthu, n'kulowa m'munda wa ziputu za mpunga, kulunjika kwawo.

Ndinapita kwa Tumpale n'kumuvundukula chitenje. "Imba, mwana wanga. Zachitika kale."

Anandiyang'ana maso ali odzaza misozi. Kenaka anakoka chigubu. Poyamba mawu ankatuluka monjenjemera, koma tiana titangoyankha anaiwala alendo. Anaimba ya ng'ombe, ya kusamba m'manja, ya mitundu ya zovala, tiana tikulumpha, fumbi likukwera, misozi ikutsikabe m'masaya mwake. Bambo wa kamera anajambula mpaka kugwada pansi. A Zimba anatsegulanso faelo, ndipo pomaliza anaomba m'manja n'kutembenukira kwa ine.

"Mwaona? Amangofunika kumulimbikitsa pang'ono."

Tumpale anasankhidwa. Galimoto inanyamuka, alendo akukupiza manja pa zenera, atapatsidwa thumba la mpunga ndi mkoko wa nthochi. Matope anatsalira ife.

Sabata isanathe nkhani inali itazungulira Kaporo yense, ndipo poyenda inasintha. Anthu ankati mkamwana wa a Mwakalinga anapangana ndi mayi wa boma kuti athamangitse apongozi ake. Ena ankati anavina dala mkuluyo ali pakhomo. Amayi a pachitsime anasiya kumulonjera, ena anachotsa ana awo kusukulu. Ndinagula nkhuku, n'kupempha mkulu wa mpingo wa komweko kuti andiperekeze kukapepesa. Tinawapeza a Mwakalinga akukonza goli la ng'ombe. Ndinagwada patali n'kunena mawu anga onse, kuti Tumpale sankadziwa kanthu, kuti mlandu ndi wanga ndekha. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Nkhuku ndalandira, mama, ndaga, zikomo," anatero. "Inu ndilibe nanu mlandu, mlendo ndi mame. Mpando uja ine sindinaufune, munamva nokha. Zaka zonsezi ndimazungulira njira ya kudambo kuti mwanayu aphunzitse momasuka. Mukuganiza kuti sindimamva akamaimba? Ndimamva, ndipo ndimakondwa. Koma bwana wanu anandilowetsa ngati mfumu, inu n'kunditulutsa ngati mbuzi yolowa m'khitchini. Ndisanafike n'kumapeto kwa munda komwe, ng'oma inali italira kale kumsana kwanga. Akanadikirako kuti ndilowe m'nyumba."

Amene anamuuza kuti aimbe nthawi yomweyo ndinali ine.

"Ndiye mumulola apite ku maphunziro, adada?"

"Ine sindiletsa munthu. Ali ndi mwamuna wake. Kafunseni Gwakisa."

Anadziwa, nanenso ndinadziwa, kuti Gwakisa sangalole mkazi wake kukwera galimoto chifukwa cha tsiku limene bambo ake ananyozeka. Akanatero sakanakhalanso pa bwalo la amuna anzake. Ndinamupeza ku chigayo cha mpunga. Anali mnyamata wofatsa, ndipo sanakweze mawu. Anangoti, "Amama, inu mukamaliza ntchito mumakwera njinga kupita ku Boma. Ine ndimagona pano."

Tsiku lonyamuka litafika galimoto inaima pamsewu, alezi ena osankhidwa ali kale mkati ndi zikwama zawo. Tumpale sanaoneke. Ndinapempha dalaivala kuti adikire, n'kuthamangira kunyumba kwake. Ndinamupeza kuseri akupeta mpunga, mwana wamng'ono ali kumsana.

"Tumpale, galimoto ikudikira. Tenga zovala, zina tikagula kutsogolo."

Sanasiye kupeta. "Amama, ndikakwera galimoto imeneyo ndidzapeza ana anga akuleredwa ndi mkazi wina. Ng'ombe za malowolo zinapita kale kwathu, achimwene anga anakwatirira. Ndibwerera kuti?"

"Ndilankhulanso nawo. Ndibwera ndi a Kaonga."

Apa anaika lichero pansi n'kundiyang'ana. "Musabwerenso ndi munthu, amama, chonde. Munandifunira zabwino, ndikudziwa. Koma musabwerenso."

Ndinabwerera ndekha kumsewu. Dalaivala anali atayamba kale kuliza hutala.

Kuchisakasa Tumpale sanapondekonso. Komiti inaika mayi wina, ndipo bungwe lija linatumiza wailesi ya kaseti yokhala ndi nyimbo zokonzedwa ku Lilongwe. Tiana tinkakhala pansi kuyang'ana bokosi likuimba. Mabatire atatha, wailesi inakasungidwa kwa msungichuma. Madzi osefukira atagwetsa chisakasacho dzinja lotsatira, a Mwakalinga sanaperekenso mitengo, ndipo palibe anawadzudzula.

Ine a Kaonga anandilembera kalata yakuti ndinachititsa manyazi ofesi ndi kusokoneza ubale ndi mudzi. Anandichotsa m'gulu lija n'kundibwezera m'kalasi, ndipo kukwezedwa kumene ndinkayembekeza kunapita kwa wina. Zimenezo ndinazimeza, poti walira mvula walira matope. Chimene chinandikanika kumeza ndi cha pa semina yotsekera ntchito ya bungwelo. Anandiitana molakwitsa, dzina langa linali lisanafufutidwe. Pakhoma anaonetsa chithunzi chachikulu cha Tumpale akuimba chigubu, tiana tili m'malere. Pansi pa chithunzicho a Zimba anawerenga lipoti lakuti vuto lalikulu la alezi a m'midzi pa nkhani ya nyimbo ndi kusadzidalira, ndipo anapereka chitsanzo cha mlezi wina wa ku Kaporo amene anasankhidwa koma anachita mantha n'kukana kupita. Anthu anagwedeza mitu mwachisoni. A Kaonga anagwedeza nawo.

Ndinaimika dzanja. Ndinaimirira n'kuyamba kunena kuti mayi ameneyo anali wodzidalira kuposa tonse tili muno, kuti amene anamutsekera pakamwa ndi ife. Wotsogolera mwambo anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Mayi, mfundo yanu ndi yabwino, koma chakudya chapsa. Tidzaikambirana tikabwerako." Titabwerako anagawa maalawansi, semina n'kutha.

Alipo anzanga amene mpaka lero amati ndinalakwa, ndikanangokhala chete mtsikanayo akanatsala ndi sukulu yake ndi ulemu wake. Mwina. Koma sindinamvepo mmodzi akunena kuti analakwa amene anagwira mkulu uja dzanja n'kumulowetsa. Iyeyo anapuma pa ntchito ali ndi udindo waukulu, ndipo pomutsanzika anamuyamikira kuti anali munthu wodziwa kugwira ntchito ndi midzi.

Karonga Boma, chaka chatha

Ndinapita kumsika kukagula mpunga wa Khirisimasi. Ndikuyenda pa mzere wa amayi a mpunga ndinamva wina akuti, "Amama a Nyamkandawire!" Ndinatenga nthawi kuti ndimuzindikire. Ananenepa pang'ono, imvi zitayamba m'mbali mwa duku. Tinagwirana manja nthawi yaitali. Anandiuza kuti Gwakisa ali bwino, mwana amene anali kumsana uja ali ku sekondale, ndipo apongozi ake anamwalira zaka zingapo zapitazo.

"Pa maliro awo ndinaimba, amama," anatero. "Ndinatsogolera amayi onse mpaka kumanda. Anthu anadabwa, ena anali ataiwala kuti ndimaimba."

Mtima wanga unadumpha ngati wa mtsikana. Ndinamuuza kuti ku mpingo kwathu tatsegula sukulu ya mkaka, ili ndi nyumba ya malata, ana ndi ambiri koma alezi ake amangowakalipira. Ndinati ine ndili mu komiti, mawu anga amamveka, ndipo pano palibenso womuopa. Ndinalankhula zambiri, monga mukundidziwira.

Anandisiya mpaka ndinamaliza, akusalaza mpunga m'beseni ndi chikhatho.

"Ndinayesapo, amama. Adada atamwalira, amayi a m'mudzi anandipempha kuti tiyambirenso. Anasonkhanitsa ana pakhonde la tchalitchi, ine n'kubwera ndi chigubu changa. Mawu alipo, sanapite kulikonse. Koma nditaona tiana tatikhala pansi tikundiyang'ana, tikudikira, nyimbo inakana kutuluka. Ndinaima pamenepo mpaka tina tinayamba kulira. Ndinabweranso mawa lake, chimodzimodzi. Pamaliro ndimaimba, pamaso pa ana ayi."

Zimene anamunamizira pa lipoti paja zinali zitakhala zoona, ndipo tinazipanga ndife.

"Mufuna wa Kilombero, eti?" anafunsa. Anandiyezera, n'kuonjezera mbasela ya manja awiri, ndipo ndalama yanga anaikana.